Njira za ku Lundazi Zopita ku Mapiri ndi ku Malambo

Dera la Mfumu Kapichila lili m'boma la Lundazi, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, kufupi ndi malire a Malawi. Ndi dziko la pamtunda, lokwera mamita oposa 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, lodzala ndi madambo, minda ya chimanga, mtedza, soya ndi mpendadzuwa, komanso nkhalango za mombo ndi masuku zimene zikunka nizichepa. Mapiri ake ndi aang'ono, ambiri ndi zitunda za miyala chabe. Komabe mtunda umenewu uli pakati pa malo awiri amene alendo amachokera kutali kudzaona. Kumadzulo nthaka imatsetsereka mpaka kuchigwa cha Luangwa, kumene eni dera amati ku Malambo, ndipo kutsidya kwa mtsinjewo kwaima mapiri a Muchinga ngati khoma. Kum'mawa ndi kumpoto kuli mapiri a Viphya, Nyika ndi Mafinga.

Zoti anthu n'kupangana, kusonkha ndalama, kubwereka galimoto ndi kunyamuka kukangoona phiri kapena mathithi ndi mwambo wa dzulodzuloli m'derali. Njira zimene amadzera ndiye zakale kwambiri. Pafupifupi iliyonse inalambulidwa pa chifukwa china: malonda a minyanga, nkhondo, sukulu, msonkho kapena ntchito ya kumigodi.

Chimene chinakonzeratu njira zonsezi ndi madzi. Chakum'mawa pang'ono kwa Lundazi kuli msana wa dziko umene umagawa mvula pawiri. Imene yagwa kumadzulo kwa msanawo imalowa m'mitsinje ngati Lundazi, Lumezi ndi Lukusuzi, n'kukathira mu Luangwa, kenako mu Zambezi. Imene yagwa kum'mawa imatsata South Rukuru kapena Dwangwa kupita ku nyanja ya Malawi. Pamsana pamenepa palibe mtsinje waukulu woti n'kutsekereza munthu, ndiye chifukwa chake anthu akale ankakonda kuyendapo ngakhale m'dzinja. Angerezi nawo, pogawa dziko mu 1891, anatenga msana womwewu kukhala malire pakati pa dziko limene linadzatchedwa Nyasaland ndi dziko la kampani ya British South Africa. Malirewo anadutsa pakati pa minda ndi maukwati a anthu olankhula chilankhulo chimodzi.

Kale munthu ankakwera phiri ali ndi chifukwa chake. Pa Nyika pali phanga la Fingira, mmene ofufuza a m'zaka za m'ma 1960 anapeza zida za miyala, mafupa a anthu ndi zojambula pathanthwe, zosiyidwa ndi alenje amene ankakhalamo zaka masauzande angapo zapitazo. M'mapiri omwewo muli mabwinja a ng'anjo za Aphoka, amene ankasungunula chitsulo n'kusula makasu odziwika m'dziko lonse la Atumbuka. Khasu linali chuma cholowolera mkazi ndi cholipirira mlandu, choncho anthu ankayenda masiku ambiri kulitsata. Nyanja yaing'ono ya Kaulime, pamwamba pa Nyika, inali malo a nsembe. Akuluakulu amati munkakhala chinjoka chachikulu, ndipo pa nthawi ya chilala anthu ankaponyamo mikanda yoyera popempha mvula. Phiri linalinso linga: adani akabwera, mudzi wonse unkathawira kumiyala ndi mbuzi zomwe.

Malonda a kutali anakulitsa njirazi m'zaka za m'ma 1700. Abalowoka, amene anawoloka nyanja ya Malawi kuchokera kum'mawa ndi nsalu ndi mikanda, anakhazikika ku Nkhamanga, kumunsi kwa Nyika, ndipo kwa iwo ndi kumene kunachokera ufumu wa Chikulamayembe. Minyanga imene ankafuna inali yochuluka ku Malambo. Abiza nawo ankadutsa chigwa cha Luangwa ndi katundu pamutu, kukwera mtunda wa Lundazi ndi Kasungu, kulowera kunyanja. Mafumu a Achewa otchedwa Mwase, wina ku Lundazi wina ku Kasungu, anali pamphambano ya malonda amenewa. Apwitikizi a ku Tete anayesa kutsata njira yomweyo pofuna kukafika kwa Mwata Kazembe ku Luapula. Francisco de Lacerda anadutsa dziko la Achewa n'kuwoloka Luangwa mu 1798, koma anamwalira chaka chomwecho atangofika m'dziko la Kazembe. Gulu la Monteiro ndi Gamitto linayendanso ulendowu mu 1831 ndi 1832, ndipo zimene Gamitto analemba za midzi, milatho ya nsungwi ndi miyambo ya Amaravi zidakali pakati pa mboni zakale kwambiri za mmene dzikoli linkaonekera.

Kenako kunabwera Angoni. Anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa ndi kadamsana, motsogozedwa ndi Zwangendaba. Atayenda mpaka ku Ufipa, kumene mtsogoleriyo anamwalira, anagawikana, ndipo gulu la M'mbelwa linabwerera kumwera n'kukhazikika m'dziko la Atumbuka. Nduna zina monga Magodi ndi Phikamalaza zinamanga midzi kumadzulo, m'dera limene lero lili mu Zambia. Cha m'ma 1880 Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe anaukira Angoni nathawira pa phiri la Hora, kumpoto kwa Mzimba. Anazingidwa pamwambapo opanda madzi, ndipo ambiri anafera pomwepo. Lero phiri lomwelo, chimwala chachikulu choima chokha pachidikha, ndi pamene Angoni a M'mbelwa amachitira mwambo wa Umthetho mwezi wa Ogasiti, ndipo pamabwera magalimoto odzaza ndi abale a ku Lundazi ndi Chasefu. Kwa anthu ambiri a kuno, ulendo woyamba wokaona phiri lotchuka umakhala umenewu.

David Livingstone anawoloka Luangwa mu Disembala 1866 ali pa ulendo wake womaliza, nakwera mapiri a Muchinga mvula ili mkati ndiponso njala itamugwira. Amishoni a ku Scotland amene anabwera pambuyo pake ndiwo anasintha kwenikweni mayendedwe a anthu wamba. Mu 1894 Robert Laws anasamutsira likulu la mishoni ya Livingstonia pa phiri la Khondowe, m'mphepete mwa Nyika, poyang'anana ndi nyanja. Mu 1902 Donald Fraser anatsegula siteshoni ya Loudon ku Embangweni, pafupi kwambiri ndi malire, ndipo kuchokera kumeneko aphunzitsi ndi alaliki ankapita ku Chasefu ndi kutsika ku Malambo kwa Asenga. Mnyamata wa ku Lundazi amene wakhoza bwino sukulu ya kumudzi ankatumizidwa ku Khondowe wapansi, ulendo wa masiku ambiri, atanyamula ufa, mphasa ndi kampoto. Anyamata oterewa ankayenda m'magulu poopa zilombo, ankagona m'midzi ya akhristu anzawo, ndipo pobwera kutchuthi ankasimba za mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita oposa 100, ndi za msewu wa Gorodi wa makona 20 umene umakwera kuchokera ku Chitimba. Sankapita kukaona malo, koma ndiwo anayamba kubweretsa mbiri ya malowo kumudzi.

Boma la atsamunda linabwera ndi mayendedwe akeake. Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898, Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Angoni a M'mbelwa analowa mu ulamuliro wa Nyasaland mu 1904 popanda nkhondo. Boma la Lundazi linatsegulidwa m'zaka zomwezo, ndipo ntchito yaikulu ya DC, bwana woyang'anira bomalo, inali kuyendera midzi, kuwerenga anthu ndi kutolera msonkho wa nyumba. Azunguwo analowetsa m'Chingerezi chawo liwu loti ulendo potchula kuyendera kumeneku. Ulendo wa DC unali chinthu choonetsa: patsogolo amesenjala ovala yunifolomu, pakati bwanayo ali m'machila kapena pa njinga, kumbuyo mzere wa amtengatenga atasenza tenti, tebulo, bafa, mabokosi a zakudya ndi kaundula wa msonkho. Mudzi uliwonse unkalamulidwa kulambula njira yolowera m'mudzi wotsatira. Misewu yambiri ya fumbi ya m'boma la Lundazi inayamba motero, ndi makasu a anthu osalipidwa kapena olipidwa pang'ono.

Galimoto inachedwa kufika. Kwa zaka zambiri katundu wa ku Fort Jameson ankadzera ku Nyasaland kapena ku Tete, chifukwa pakati pa tauniyo ndi njanji ya ku Lusaka panali mapiri ndi mtsinje wa Luangwa. Msewu wa Great East Road, wa makilomita pafupifupi 570, unayamba kupitika ndi galimoto kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo mlatho umene ulipo lero pa Luangwa unatsegulidwa mu 1968. Kuchokera ku Fort Jameson msewu wina wa makilomita pafupifupi 180 unakhotera kumpoto mpaka ku Lundazi. Malole a kampani ya Thatcher Hobson ankanyamula makalata, katundu wa m'masitolo ndi anthu. Azungu ankakhala kutsogolo, anthu akuda pamwamba pa matumba. Amene ankakwera kwambiri anali amuna opita kukagwira ntchito ku Kopabeluti, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Boma la Southern Rhodesia linafika poyendetsa malole onyamula anthu ofuna ntchito mosalipiritsa, ndipo anthu anawapatsa dzina loti Ulere. Ena mwa okwerawo sanabwerere, anasanduka machona.

Pamene anthu a m'midzi ankatuluka m'derali kukafuna ndalama ya msonkho, boma linayamba kuona chigwa ndi mapiri ngati chuma cha mtundu wina. Mu 1938 mbali zina za chigwa cha Luangwa zinapatulidwa kukhala malo osungira nyama. Mu 1950 Norman Carr, amene poyamba anali wolondera njovu zowononga minda, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule gawo la dziko lake, alendo azilipira podzaona nyama, ndalamazo zizipita ku thumba la ufumuwo. Carr yemweyo ndiye anadzatchukitsa zoyenda pansi m'tchire ndi mlonda wa mfuti, m'malo mongokhala m'galimoto.

Ku Nyika zinthu zinayenda mofanana. Mu 1948 boma la Nyasaland linateteza kankhalango ka mitengo ya mkungudza wa mtundu wa juniper kum'mwera chakum'mawa kwa phirilo. Mu 1949 boma la Britain linatuma Laurens van der Post kukayendera Mulanje ndi Nyika kuti aone ngati malowo angagwire ntchito ya ulimi kapena ziweto, ndipo buku lake la Venture to the Interior, limene linatuluka mu 1952, linachititsa anthu ambiri a ku Ulaya kumva dzina la Nyika koyamba. M'zaka zomwezo bungwe la Colonial Development Corporation linabzala mitengo ya paini pa Chelinda poyesa ngati ingakule pamalo okwera chotero. Mitengo inakula, koma mtunda wokafika kumsika unali wautali kwambiri, ndipo ntchitoyo inalekeka. Chimene chinatsala ndi msewu wokwera phirilo, nyumba zingapo, madamu ang'onoang'ono ndi nkhalango ya paini imene imaoneka ngati chigamba chakuda pakati pa udzu. Boma la Northern Rhodesia nalo linamanga nyumba yake ya alendo pa kachigawo ka Nyika kamene kanagwera mbali yake.

Apa ndi pamene Lundazi inapezera malo ake pa mapu a alendo. Munthu wochokera ku Fort Jameson kapena kuchigwa, wopita ku Nyika, sakanatha ulendowo tsiku limodzi pa misewu ya nthawi imeneyo. Anafunika pogona pakati pa njira. DC wa ku Lundazi, Errol Button, anapatsidwa ntchito yomanga nyumba ya alendo, ndipo m'malo momanga kanyumba ka malata ngati m'maboma ena, anamanga chinyumba cha njerwa zofiira chotengera malinga a mafumu akale a ku Ulaya, chokhala ndi nsanja zozungulira, timawindo topapatiza ndi mpanda wa mano pamwamba. Ntchitoyo inayamba mu 1948 ndipo inatenga zaka zingapo. Njerwa zinaumbidwa ndi kuotchedwa komweko, ndipo amisiri anali anthu a m'midzi yozungulira, amene sanaonepo nyumba yotere chibadwire. Patsogolo pake pali damu limene linapangidwa potseka madzi a mtsinje. Nyumbayi, imene imadziwika kuti Lundazi Castle, idakalipo. Ndi yachilendo m'maso, ena amaiseka, koma palibe chinthu china chomangidwa ndi manja m'boma lonselo chimene chajambulidwa kuposa iyo.

Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, malire a pakati pa Lundazi ndi Mzimba anali ngati kulibe. Mabanja a azungu a m'boma ndi a m'minda ya fodya ankanyamuka pa Land Rover, kugona ku Castle, kukwera ku Nyika kukawedza nsomba za trout m'madamu ozizira, n'kutsika kunyanja. Anthu a m'derali ankapita nawo, koma ngati madalaivala, akhuki, onyamula mfuti ndi okankha galimoto ikatitimira. Iwo ndi amene ankadziwa pamene pali kasupe, pamene pamadutsa njovu ndi dzina la chitunda chilichonse. Mayina awo sanalembedwe m'mabuku a alendo.

Chaka cha 1964 chinasintha zambiri. Malawi inalandira ufulu pa 6 Julayi, Zambia pa 24 Okutobala, ndipo pakati pa masiku awiriwa Lundazi inaona zoopsa. Kumayambiriro kwa Ogasiti, pa mkangano wa pakati pa mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, chipani cha UNIP ndi boma, otsatira mpingowo anaukira boma la Lundazi ndi midzi yoyandikana nalo, asilikali nabwezera, ndipo anthu ambiri anafa mbali zonse. Bata litabwerera, malire amene kale anali mzere wa pamapu anasanduka chipata chokhala ndi mbendera ziwiri. Ubale wa maboma awiriwa sunali wabwino m'zaka zoyambirira. Kamuzu Banda ankagwirizana ndi South Africa ndi Apwitikizi pamene Kenneth Kaunda ankasunga omenyera ufulu, ndipo mu 1968 Banda ananena poyera kuti malire enieni a Malawi amayenera kufika ku Luangwa. Mu 1973 Malawi inakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa pachipata. Mpaka pamene lamulolo linachotsedwa mu 1993, mkazi aliyense wochokera ku Zambia wopita kukaona Nyika ankayamba waika chitenje pamwamba pa chikwama.

Malo osungira zachilengedwe anakhazikitsidwa mwalamulo m'zaka zomwezi. Nyika inakhala paki yoyamba ya Malawi mu 1965, ndipo mu 1978 inakulitsidwa kufika masikweya kilomita oposa 3,000. Kukulitsako kunachotsa midzi yambiri m'malo a makolo ake, ndipo madandaulo a anthu amene anasamutsidwa sanathe mpaka lero. Zambia inalengeza mapaki ake ambiri mu 1972, kuphatikizapo South Luangwa, North Luangwa, Luambe, Lukusuzi ndi kachigawo kake ka Nyika. Kachigawo kameneka n'kakang'ono, masikweya kilomita 80 okha, koma muli nkhalango zakale za Chowo ndi Manyenjere, za mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere. Chodabwitsa chake n'chakuti msewu wa galimoto wofika kumeneko umadzera m'Malawi. Mzambiya wofuna kuona phiri la dziko lake lomwe amayenera kudinditsa pasipoti potuluka, kulipira pachipata cha paki ya dziko lina, n'kuyenda pa msewu umene kwa makilomita angapo umatsata malire enieniwo, Zambia kudzanja lamanzere, Malawi kudzanja lamanja.

Maulendo a anthu wamba anayamba pang'onopang'ono. Msewu wa Chipata–Lundazi utaikidwa phula, mabasi a boma a UBZ ankafika ku Lundazi, koma tikiti inali yosowa ndipo munthu ankatha kugona pasiteshoni masiku angapo. Kampaniyo itatha m'zaka za m'ma 1990, malonda a mayendedwe anatsegukira aliyense, ndipo m'dziko munadzaza maminibasi ndi malole aang'ono ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan. Kuyambira pamenepo zinatheka kuti gulu la anthu khumi ndi asanu libwereke galimoto yakeyake kwa masiku atatu. Oyamba kuchita zimenezi anali masukulu, amene ankatenga ana a makalabu osamalira zachilengedwe kukaona nyama ku Mfuwe m'chigwa cha Luangwa, ndi makwaya a mipingo. Sinodi ya CCAP ya Zambia, imene inakhazikitsidwa ku Lundazi mu 1984, inachokera ku Livingstonia, choncho ulendo wa ku Embangweni, ku Ekwendeni kapena ku Khondowe unali ngati kupita kwa makolo. Pambuyo pake aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'boma ndi ochita malonda anayamba kupangana okha, opanda mwambo wa mpingo kapena wa sukulu woti auike patsogolo.

Makonzedwe a ulendo wotere ali ndi mwambo wawo. Ndalama zimasonkhedwa kwa miyezi, nthawi zina kudzera mu chilimba, ndipo msungichuma amasankhidwa mosamala kuposa dalaivala. Nthawi yabwino ndi pambuyo pokolola ndi kugulitsa mbewu, kapena pa tchuthi cha masiku angapo otsatizana. Kamba wa paulendo sanasinthe kwenikweni kuyambira nthawi ya anyamata a ku Khondowe: ufa, nkhuku yokazinga, mbatata yophika, mtedza, vitumbuwa ndi chigubu cha maheu kapena munkhoyo, kuwonjezapo mbaula ndi thumba la makala. Chatsopano ndi tayala lapadera, chigubu cha mafuta, chifukwa m'zaka zina mafuta a galimoto amasowa m'Malawi, ndi inshuwalansi ya galimoto yowolokera malire. Ndalama za maiko onse awiri zimatchedwa kwacha koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri, ndipo kuwerengera kwa pachipata kwasokonezapo anthu ophunzira bwino.

Njira ya kumpoto imatulukira pachipata cha Lusuntha, chimene mbali ya Malawi chimatchedwa Mqocha, n'kukalowa mumsewu waukulu wa M1 pa Jenda. Msika wa Jenda, wa tomato, anyezi, mbatatesi ndi kabichi, uli pamalire penipeni, ndipo ogulitsa ake ndi a mbali zonse ziwiri. Kuchokera apo msewu umakwera mapiri a Viphya. Pa Chikangawa pali nkhalango yobzalidwa ya mahekitala pafupifupi 53,000, imene inakulitsidwa pambuyo pa ufulu ndi cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe, ndipo moto ndi macheka zadya gawo lalikulu la mitengoyo, moti malo ambiri amene kale kunali mdima wa paini lero ndi zitsa ndi udzu. Chapatali pamaoneka chimwala chooneka ngati njovu yogona, chotchedwa Elephant Rock. Nkhungu ya kuno imatsika mwadzidzidzi n'kuphimba msewu masana. M'nkhalango yomweyi ndi mmene munagwera ndege ya asilikali pa 10 Juni 2024, ngozi imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu.

Kupitirira Mzuzu ndi Ekwendeni, msewu umakhotera kumadzulo pa Njakwa, pamene South Rukuru amadzipanikiza pakati pa mapiri awiri, n'kufika ku Rumphi. Apa ndi pomalizira kugula mafuta ndi zakudya. Kuchokera ku Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, kudzera ku Bolero, likulu la Chikulamayembe, ndi chipata cha Thazima. Gawo lalikulu la msewuwu ndi la miyala ndi fumbi, ndipo galimoto yaing'ono imavutika. Mitengo ya mombo imafupika pamene msewu ukukwera, kenako imatha, ndipo kutsogolo kumatseguka dziko la zitunda za udzu zotsatizana mpaka pamene maso alekezera, pamtunda wa mamita oposa 2,000. Nsonga yaitali kwambiri, Nganda, imapitirira pang'ono mamita 2,600. Mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi mphoyo zimadya poyera popanda chozibisa, ndipo anyalugwe alipo ambiri ngakhale saoneka kawirikawiri. M'dzinja udzu umadzala maluwa, kuphatikizapo mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'gulu la chinaka, chomera chimene timbatata take tapansi Azambiya amapangira chikanda. Kukumba kwake mobisa kwakhala vuto lalikulu la pakiyi. Mu Juni ndi Julayi usiku kumagwa chisanu choumitsa madzi m'beseni, ndipo alendo a ku Lundazi amene anyamula juzi imodzi amachezera pamoto.

Njira ya kumadzulo ndi yaifupi pamapu koma yovuta pansi. Misewu ya fumbi imachoka pamtunda kudzera m'madera a mafumu Chikomeni, Kazembe ndi Chitungulu, m'boma la Lumezi limene linapatulidwa ku Lundazi mu 2018 pamodzi ndi la Chasefu. Umodzi umadutsa m'paki ya Lukusuzi, ya masikweya kilomita 2,720, ya zitunda za miyala ndi nkhalango, yopanda malo ogona alendo odziwika. Potsika, mpweya umatentha, mombo amasiyira malo mitengo ya tsanya ndi milambe, ndipo akashembe amayamba kulowa pawindo. Paki ya Luambe, yaing'ono, ili m'mphepete mwenimweni mwa Luangwa, pamene mvuu zimaunjikana mazanamazana m'maiwe otsala m'chilimwe. Dothi la kuchigwa ndi lakuda, la makande: likauma limang'ambika n'kugwedeza galimoto mpaka mabawuti kumasuka, likanyowa silipitika n'komwe. Kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, midzi ina ya ku Malambo imafikika ndi njinga, bwato kapena miyendo basi.

M'zaka zaposachedwa maboma awiriwa ayesa kulumikizanso zimene malire anadula. Mu 2004 anasainirana chikalata chogwirizana kusamalira pamodzi malo a m'malire, ndipo pa 7 Julayi 2015 Peter Mutharika ndi Edgar Lungu anasaina pangano lenileni. Limaphatikiza Nyika ya mbali zonse ziwiri, dambo la Vwaza, nkhalango ya Lundazi, ndiponso mapaki a Kasungu ndi Lukusuzi. Mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Nyika, ndipo mu 2022 zina 263 zinapititsidwa ku Kasungu. Kwa mlendo wa kamera imeneyi inali nkhani yabwino. Kwa alimi a m'malire a Lumezi, Lundazi ndi Kasungu inali nkhani ina, chifukwa njovu zinatuluka m'paki, kudya minda, kugumula nkhokwe ndi kupha anthu. Bungwe la COMACO, limene linayamba ntchito zake m'chigwa cha Luangwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo lili ndi malo ogulira mbewu ku Lundazi, limayesa njira ina: kugula mtedza, mpunga, soya ndi uchi pa mtengo wabwino kwa alimi amene apereka mfuti ndi misampha yawo.

Malo amene anthu a ku Lundazi sanawafikebe kwenikweni ndi mapiri a Mafinga, kumpoto chakumadzulo kwa Nyika, kumene kuli nsonga yaitali kuposa zonse mu Zambia, ya mamita 2,339, ndiponso kumene kumachokera mtsinje wa Luangwa. Njira yake ya mkati mwa Zambia imadzera ku Chama ndi Muyombe. Msewu umenewu unali pakati pa imene inalonjezedwa phula mu ndondomeko ya Link Zambia 8000, imene boma la Michael Sata linayambitsa mu 2012. Zigawo zina zinamangidwa, zina zidakali za fumbi ndi milatho yaing'ono imene madzi amasefukira pamwamba pake m'dzinja, ndipo okwera ku Mafinga amasiya galimoto m'mudzi wa m'munsi mwa phiri n'kupitiriza wapansi, motsogozedwa ndi munthu wa m'mudzimo.